Zilombo za Lamulungu Masana

Adzukulu anga amandiseka. Amati agogo awo, munthu amene anakhala namwino mpaka kupuma, amene anaona magazi enieni ndi mitembo yeniyeni, amatha masana onse akuonera mafilimu akalekale aja, akuda ndi oyera, momwe mzungu wopakidwa matope kumaso amayenda ngati wagona ku kachasu. "Agogo, izitu sizoopsa, taonani zipi kumsana kwakeko," amatero. Ndimawayankha kuti zipiyo ndinayamba kuiona amayi awo asanabadwe, ndipo palibe amene anawauza kuti ine ndikufuna kuopa. Akachulutsa zonena ndimawathamangitsa pabalaza.

Zilombozi ndinazidziwira kwathu, pa mishoni ina ya Akatolika kumapiri a ku Dedza, m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu unkayang'ana kaye kumbuyo usanatsokomole. Ababa anali katekisiti. Tinkakhala m'nyumba ya mishoni ya njerwa zootcha, kuseri kwa tchalitchi, ndipo nyumbayo ababa ankaitchula kawirikawiri kuposa Utatu Woyera. "Nyumba ino si yathu," ankatero tikaseka mokweza, tikachedwa ku mapemphero a korona, kapena tikapereka moni wautali kwa munthu wosapemphera. Ine ndinali nditamaliza sukulu, ndikudikira kuitanidwa ku maphunziro a unamwino, ndiye ntchito yanga inali kukumba kachewere ndi kuona zochita za anthu.

Kanema anabwera ndi bulazala wina wachizungu, wamtali, wa ndevu ngati za chimanga, amene Chichewa chake chinathera pa "zikomo" ndi "chokani apo". Chingerezinso sichinali chakwawo. Anali ndi makina oonetsera kanema ndi kainjini ka magetsi kolira ngati chigayo. Poyamba ankationetsa za anthu oyera mtima a mpingo, mwezi ndi mwezi, mpaka tsiku lina woyera wina anapsa mutu m'makinamo tonse tikuona, filimu n'kuduka osalumikizikanso. Ndiye bulazala anapita kutauni kwa mnzake, n'kubwerako ndi zitini zozungulira zadzimbiri. M'zitinimo munali zilombo. Bambo mfumu, mkulu wa parishi, anaonera imodzi nkhope ili ndwii, koma ataona kuti chilombo chathawa mtanda, anati imeneyi ndi katekisimu yabwino, anthu aone.

Tinkaonera Lamulungu masana, Misa itatha, mu holo ya parishi. Vuto linali mdima. Holoyo inali ndi mawindo akuluakulu, ndiye lamulo linali lakuti banja lililonse libwere ndi bulangeti lotchingira windo. Bulangetilo ndiye linali tikiti. Amene akudziwa kuzizira kwa ku Dedza m'mwezi wa Juni amvetsa kuti kupempha munthu bulangeti si nkhani yamasewera. Tinkakhala m'holomo mano akugundana, mabulangeti athu akufunditsa mawindo. Komanso bulangeti limaulula mwini wake. Lobooka linkalowetsa kadzuwa, kadzuwako n'kukatera pamphumi pa chilombo, holo yonse n'kuyamba kufunsa kuti ndi la ndani limenelo. La mwana wokodza pogona lokha silinkafuna kufunsa.

Filimu isanayambe tinkaimirira kuimba nyimbo ya fuko, kenako n'kuonera kaye mwini dziko akuyendera minda ya chimanga chotalika kuposa iyeyo. Apa tinkaomba m'manja mwamphamvu, chifukwa tcheyamani wa chipani ankakhala kutsogolo atatembenuza khosi. Mafilimuwo ankafika atadutsa kale pa sizasi ya anthu a boma. Mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana milomo, chithunzi chinkadumpha, n'kupezeka ali kale panja akukwera ngolo. Koma mwamuna yemweyo akamuluma mkaziyo pakhosi n'kumamumwa magazi, sizasi inkapuma. Tinaphunzira kuti kwa boma lathu kupsompsona kunali koipa kuposa kudya munthu, ndipo palibe amene anadabwa.

Popeza mawu a m'filimu ankamizidwa ndi kainjini kaja, ndipo ochepa omvekawo anali Chingerezi cha m'mphuno, pankafunika womasulira. Ameneyo anali ababa. Ankaima pambali pa chinsalu choyera atavala jekete lawo la Lamulungu, kandodo kolozera kali m'manja. Ndinena zoona, poti anapita kale ndipo sangandikalipirenso: ababa sankamasulira, ankapeka. Mzungu akatsegula pakamwa kamodzi, iwo ankatulutsa ulaliki wathunthu. Chilombo chilichonse chinali ndi tchimo lake. Wamano aatali wogona m'bokosi masana anali munthu amene ankajomba Misa. Womera ubweya mwezi ukawala anali wamitala. Wokulungidwa m'mabandeji anafa osalapa. Ndipo onsewo, ababa akafufuza bwino mbiri yawo, ankapezeka kuti ali anyamata anapitako kudambwe, kumene a gule wamkulu amakumana.

Palibe chimene chinkawaphinja ababa. Tsiku lina bulazala anasokoneza zitini, chilombo n'kufa pakati pa filimu, kenako n'kuoneka chili bwinobwino chikudya anthu amene anali atachiika m'manda. Anthu anayamba kung'ung'udza. Ababa sanaphethire n'komwe. "Ku Puligatorio amukana, kwadzaza," anatero, ndipo nkhani inapitirira.

Koma chimene chinkadzazitsa holo sichinali ulaliki. Ife Akatolika tinkaletsedwa kuonera gule. Ukangopezeka pabwalo pamene zilombo zikuvina, unkaimitsidwa kulandira Ukaristia, ndipo dzina lako linkatchulidwa m'tchalitchi anthu onse akumva. Ng'oma zikamveka kutsidya, amayi ena ankatseka ana awo m'makutu, pomwe mapazi awo eni akugunda okha pansi. Ndiye taganizani anthu a njala yotereyi, mpingo womwewo n'kuwabweretsera zilombo zakezake, zochokera kunja, zovomerezedwa ndi bambo mfumu. Holo inkadzaza mpaka ana kukhala pamiyendo ya anthu osawadziwa. Chilombo chikatulukira, azimayi ankaimba nthungululu. Mayi wina wa m'kwaya anaiwala kumene ali, n'kuponya chimanga chootcha pachinsalu kuti asupe, monga amachitira pabwalo. Ababa anayerekeza kuti sanaone.

Kuopa tinkaopa ndithu, makamaka ana, koma akuluakulu ankabwera kudzaweruza. Kumbuyo kunkakhala anyamata okumba manda a m'midzi yozungulira, ndipo manda a azungu ankawapsetsa mtima kwabasi. "Dzenje lake limeneli? Lofika m'chiuno? Nanga munthu asadzuke bwanji?" ankakuwa motero. Azimayi nawo anaona kuti pamaliro a m'filimu pamabwera anthu owerengeka, ouma m'maso, oima ndi maambulera, osagona pamaliro, osameta, osaphika n'komwe. Onse anagwirizana chimodzi, chakuti zilombo za azungu sizinali zoipa mtima, zinali zosaliridwa. Ankati aliyense woikidwa m'manda ngati mphaka angabwerenso kudzagogoda. Ababa ankamenya kandodo pansi kuti anthu amvere za tchimo, koma maganizo a kumbuyowa ndi amene anthu ankatuluka nawo mu holo.

Amayi sankapondako. Ankapereka bulangeti, lofiira la mizere yakuda, lopanda bowo ngakhale limodzi, koma iwo ankatsala kunyumba. Ankati alibe nthawi ya masewera a anthu okhuta. Anali mayi wouma pakamwa, wa kutsogolo m'gulu la azimayi a mpingo, wodziwa mapemphero onse mpaka a Chilatini. Koma anabadwira cha ku Mphunzi, m'mudzi wa gule, ndipo bambo awo, agogo anga, anali munthu wamkulu ku zimenezo. Sanabatizidwe ndipo sanafuneko.

Agogo ankabwera kudzationa pakapita nthawi, wapansi, atasenza kathumba ka mapichesi. Anali ndi mwendo umodzi wouma umene ankachita kuukoka, ndiye tinkawadziwira kutali, kafumbi kakutsata phazi lawo. Matope a kudimba sankachoka m'miyendo mwawo. M'tchalitchi sankalowa. Ankati denga lake latalika kwambiri, mwini wake ayenera kuti ndi wonyada. Koma tsiku lina ndinawakokera mu holo. Anaonera wamabandeji uja akuyenda manja ali patsogolo, n'kufunsa mokweza, "Ng'oma zili kuti?" Nditawauza kuti palibe, anapukusa mutu. "Chilombo chosavina n'chantchito yanji? Ameneyu kwathu tikanamubweza." Anatuluka filimu isanathe n'kukaothera dzuwa. Ababa mtima unakhala pansi, poti apongozi awowo ankawachititsa manyazi pamaso pa azungu.

Agogo anamwalira m'dzinja, chimanga chikumasula. Uthenga unafika m'mawa ndi munthu wa panjinga. Amayi sanalire pomwepo. Analowa m'nyumba, anamanga mpango kumutu, n'kukulunga ufa ndi nsalu m'kamtolo. Potuluka anapeza ababa ataima pakhomo.

"Kukavinatu gule kumeneko," anatero ababa.

"Ndikudziwa. Ndi bambo anga."

"Sindikukukanizani ayi, amayi a kuno. Koma mkazi wa katekisiti akakaoneka pakati pa zilombo, mawa lomwe tituluka m'nyumba muno. Mwanayunso ku unamwino akamunenera ndi bambo mfumu. Inuyo mukuona bwanji?"

Sanachoke pakhomopo. Ndinaona ndi maso anga, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima, munthu kunena kuti sakukukaniza mapewa ake atadzaza khomo lonse. Amayi anabwerera, n'kumasula kamtolo kaja. Ufa anaubwezera m'dengu. Tsiku limenelo anachapa zovala zonse za m'nyumba, ndi zochapa kale zomwe. Bambo awo anaikidwa m'manda iwo akuyanika malaya a ababa.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munalowa ulemu woopsa. Amayi ankagwada popereka madzi, ankayankha "inde" ndi "chabwino", koma mawu ena onse anawatsekera. Ababa akayesa nthabwala, ankaseka okha n'kulekezera panjira. Misozi ya amayi sindinaione. Ankangoonda, ndipo nthawi zina ndinkawapeza ataima kumunda, khasu lili m'manja, akuyang'ana njira yochokera ku Mphunzi.

Ndiye Lamulungu lina la kanema, amayi atandipatsa bulangeti, ananditsatira. Anakhala pafupi nane kumbali ya azimayi, manja ali pachifuwa. Ndinaganiza kuti abwera kudzanyoza. Koma chilombo chitatuluka m'manda n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kunyumba za anthu, ndinamva kapumidwe kawo kakusintha. Anthu a m'filimu anathamanga kukatseka zitseko ndi kukhoma mawindo ndi matabwa. Amayi anangoti, "Mutsegulireni." Ananena motsitsa, kenako mokweza: "Mutsegulireni, inu! Mwamufunsa chimene akufuna?" Holo inaseka, poganiza kuti mkazi wa katekisiti wayamba nthabwala. Kandodo ka ababa kanaima m'malere, kenako anapitiriza za kuipa kwa mitala.

Kuchokera tsiku limenelo amayi sanajombenso. Anasanduka loya wa zilombo zonse. Wamano aatali ankati ndi njala chabe, ndani anamupatsako chakudya? Waubweya ankati akudwala, apite naye kuchipatala. Chilombo chikaphedwa kumapeto, anthu n'kumaomba m'manja, iwo ankafunsa kuti abale ake ali kuti, nanga mtembowo ausiya pomwepo? Anthu anayamba kubwera kudzaonera zinthu ziwiri, filimu ndi amayi. Ababa anayesa kamodzi kuwaletsa, tikudya. "Amayi a kuno, anthutu akulankhula. Bwanji muzionera mwakachetechete?" Amayi anagwada, anati "chabwino", ndipo Lamulungu la kanema lotsatira anakuwa kuposa kale. Ine ndinkaseka nawo anthu, koma mkono wanga ndi umene unkadziwa zoona, chifukwa ankaufinya mpaka zikhadabo kulowa.

Titakolola, mphepo ya Julaye itayamba kudula makutu, kunabwera atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Anakana kulowa m'nyumba ya mishoni, anakhala pamwala panja. Ananena kuti chimera chauma, mowa wa mpalo wokumbukira malemu uphikidwa, ndipo Loweruka la sabata yamawa gule adzavina komaliza, kuperekeza mzimu wa agogo kuti ukagone.

"Pamaliro tinakunenerani kuti munadwala," anatero atsibweni. "Ulendo uno bodza latithera, mlongo wanga. Mwana wawo wamkazi ndinu nokha. Mukapanda kubwera, adzapita osamva mawu anu, ndipo ifenso tidzadziwa kuti tinaika anthu awiri."

Amayi anayang'ana ababa. Ababa anayang'ana nkhuku. Atsibweni anabwerera osadya. Nkhaniyo inali itazungulira mishoni yonse dzuwa lisanalowe, poti atsibweni anali ndi mawu oitanira ng'ombe, ndipo mkazi wa mphunzitsi wamkulu ankasesa chapafupi, pamalo osesa kale.

Lamulungu lake kunali kanema. Holo inadzaza kuposa masiku onse, ndipo sindikhulupirira kuti onsewo anadzera filimu. Bulazala anatsegula chitini chimene tinali tisanachionepo. Chilombo chake chinali nkhalamba yotuluka m'dambo, matope thupi lonse, udzu ukulendewera m'mapewa. Sichinkathamanga. Chinkayenda chikukoka mwendo umodzi, n'kumasiya mzere m'matope. Amayi anandigwira mkono. Ulendo uno sanati "mutsegulireni".

Ababa anayamba monga mwa nthawi zonse. "Uyu anali munthu wa kachasu," anatero, kandodo kali pachinsalu. "Anagwera m'dambo akuchokera ku..." Anasiyira pomwepo. Chilombo chinadutsa munda, chinadutsa mpanda, iwo ali chete, zimene zinali zisanachitikepo chibadwire changa. Okumba manda anakuwa kumbuyo, "Akatekisiti, mwagona? Akuti chiyani?"

Pachinsalu chilombo chinali chitafika pa nyumba ina n'kuyamba kugogoda ndi chibakera. M'katimo munali mayi wachitsikana akukuwa, ndi mwamuna wa ndevu za pamlomo ataima pachitseko ndi mfuti.

Ababa anakonza kukhosi. "Ndinalakwitsa. Si wa kachasu ayi. Ndi bambo wake wa mayiyu."

Holo inati, "Haa!"

"Akuti, mwana wanga, sindinabwere kudzadya munthu. Ndayenda mtunda wautali ndi mwendo wangawu. Ndabwera kudzafunsa chifukwa chake sunandilire."

Kunena zoona, chilombocho chinkangobangula ngati ng'ombe yomangidwa. Koma palibe amene anaseka. Mayi wa m'filimu anagwira kumutu n'kukuwanso.

"Mayiyu akuti, ababa, ndinamanga kamtolo kanga. Koma abambo a kunowa anaima pakhomo."

Mwamuna wa mfuti analankhula mawu ambirimbiri, akuloza uku ndi uku.

"Nanga uyo akuti chiyani?" anafunsa okumba manda.

"Ameneyu akunena za nyumba," anatero ababa. "Akuti nyumba si yake. Musamumvere, ndi wamantha. Mfuti wanyamulayo n'chifukwa cha mantha omwewo."

Bulazala ankangomwetulira kuseri kwa makina ake, akusangalala kuti lero anthu akumvetsera mwaulemu. Tcheyamani wa chipani anatembenuka n'kuyang'ana holo yonse, kufuna kudziwa ngati nkhaniyi ikukhudza boma. Ataona kuti ndi ya banja, anakhala bwino pampando kuti amve zonse. Akuluakulu a mpingo anaweramitsa mitu. Ine manyazi anandigwira mpaka kufuna kulowa pansi pa benchi, koma nthawi yomweyo ndinkafuna kuthamanga kukamukumbatira bambo wanga wopusayo, amene analephera kulankhula ndi mkazi wake m'kanyumba kamodzi, n'kudikira mzungu wa matope kuti adzamulankhulire.

Filimuyo inatha monga zinkathera zonse. Anthu anabwera ndi miyuni ndi agalu, mfuti zinalira, chilombo chinabwerera kudambo chikukoka mwendo, n'kumira pang'onopang'ono mpaka kutsala dzanja lokha. Apa ndi pamene ababa ankatsekera ndi phunziro, anthu n'kuyankha Ameni. Tsiku limeneli anatsitsa kandodo n'kuyang'ana kumbali ya azimayi, mumdima momwemo.

"Sanafe ayi," anatero. "Akuti adikira mpaka Loweruka."

Chinsalu chinayera, kainjini kanazima. Kenako mayi wa m'kwaya uja, woponya chimanga, anaimba nthungululu imodzi yaitali n'kudzitseka pakamwa. Amayi anaimirira, anapita pawindo, anamasula bulangeti lawo lofiira, dzuwa n'kugwera pankhope za anthu. Analipinda bwinobwino n'kutuluka osayang'ana munthu.

Sabata yonseyo nkhaniyi sinatchulidwe m'nyumba. Akuluakulu a mpingo anabwera kudzacheza ndi ababa kuseri kwa khola, anthu amene chikhalire sanafunepo kuona nkhumba zathu. Ndinangomva mmodzi akuti, "Munatanthauzanji dzana lija, akatekisiti?" Ababa anayankha kuti iwo anangomasulira zimene mzungu ananena, ndipo amene akukayika akafunse mwini wake m'dambomo.

Loweruka m'mawa, nkhungu ikadali m'mapaini, ndinapeza ababa akupopa njinga. Anamanga katsamiro pakaliyala. Amayi anatuluka ndi kamtolo n'kukwera osaitanidwa. Ine ndinabwereka njinga ya mnzanga n'kuwatsata. Njira ya ku Mphunzi ndi ya zitunda, ndipo pachitunda chilichonse ababa ankatsika n'kumakankha, amayi ali pakaliyala ngati thumba la chimanga, osatsika ngakhale kamodzi. Ndikhulupirira kuti chimenechi chinali chilango, ndipo ababa anachilandira thukuta lili kamukamu, osadandaula.

Pa kamtsinje ka m'malire a mudzi, ng'oma zikumveka, ababa anaima. "Ine ndithera pano," anatero. "Ndisunga njinga." Mphamvu zawo zinafika pamenepo, ndipo sindiwanena. Amayi anavula nsapato n'kuwoloka, ine pambuyo. Sanadikire kufika pabwalo. Atangoona denga la nyumba ya agogo, anaponya kamtolo pansi n'kuyamba kulira, kulira kwa maliro a lero lomwe, akuitana bambo awo, akuwauza kuti afika, achedwa koma afika. Azimayi a m'mudzi anathamanga kudzawagwira, n'kuyambiranso nawo maliro amene iwo anali atatsiriza kalekale. Nane ndinalira, theka chifukwa cha agogo, theka chifukwa chomva mawu a amayi amene ndinayesa kuti anatheratu. Zilombo za kwathu zinatuluka dzuwa lili pamutu, fumbi lili koboo, ndipo agogo ananena zoona, wamabandeji uja akanabwezedwa asanafike n'komwe pabwalo. Zina zimene ndinaona kumeneko si zolemba m'buku.

Pobwerera tinapeza ababa ali pomwe tinawasiya, atakhala mwaulemu pambali pa njinga. Kungoti udzu wonse wozungulira njingayo unali wopondekapondeka, ndipo nsapato zawo za Lamulungu zinali zofiira ndi fumbi. Pafupi panali chipanda chopanda kanthu. Tinamva pambuyo pake kuti atsibweni anawatumizira alamu awo chakumwa kutsidyako, ababa n'kufunsa ngati ndi thobwa, atauzidwa kuti inde sanafunsenso zambiri.

Mlandu sunachedwe. Amayi anaimitsidwa kulandira Ukaristia mpaka Pasaka. Ababa analandidwa kandodo ndi ukatekisiti womwe, ndipo mvula isanagwe tinatuluka m'nyumba ya njerwa ija n'kukakhala m'nyumba ya udzu m'munsi mwa phiri, kumene ababa analima kachewere mpaka ukalamba. Ku unamwino ndinapitabe, poti bambo mfumu anali wokalipa koma sanali woipa mtima. Womasulira watsopano anali mphunzitsi wodziwa Chingerezi chenicheni, ndipo apa ndi pamene tinazindikira kuti azungu a m'mafilimuwo ankangokambirana za nyengo ndi za makiyi a chitseko. Anthu anayamba kuchepa mu holo.

N'chifukwa chake ndikamaonera lero ndimatsitsa mawu mpaka kuzimiratu. Adzukulu amati ndagontha. Sindinagonthe ayi, Chingerezi ndimachimva, ndiye vuto lake. Ndimafuna chilombo chizibwera pang'onopang'ono, chili chete, kuti ndizimva ndekha chimene chadzera. Za masiku ano zimathamanga kwambiri, zimakudya usanazifunse kuti ndi za kwa yani.

Koma ndibwerere ku Lamulungu loyamba la kanema titabwerako ku mpalo. Tinali tidakali m'nyumba ya mishoni, katundu wina ali kale m'matumba. Amayi anali pakhonde akusenda kachewere, uku akukangana ndi ababa za mbuzi ya eni ake imene inadya kabichi wathu. Kunali kukangana kwenikweni, kokweza mawu, kotchulana ndi zolakwa za chaka chatha, kumene ndinali nditakusowa miyezi yonseyo, ndipo ababa ankaoneka okondwa kugonja. Amayi anandipatsa bulangeti lofiira. Ndinaima n'kumadikira kuti asambe m'manja tizipita.

"Tiyeni, amayi, tichedwa. Akuti lero kuli waubweya uja."

"Pita wekha," anatero osadzutsa mutu. "Ine ndikaonenso chiyani? Ababa anga anagona."